Kabati ya Magalasi ndi Tsamba 62

Mawu akuti "kusunga" ambiri timawagwiritsa ntchito molakwika. Kusunga chinthu ndiko kuchisamala kuti mwini wake achipeze pamene akuchifuna. Kuchitsekera mwini wake akuchilirira, dzina lake ndi kumana. Nkhani iyi akuti inachitikadi, choncho muiwerenge mpaka kumapeto.

Panali mayi wina wosoka zovala, waukhondo kwambiri, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana. Anthu ankamutcha Kamafunso chifukwa pakamwa pake sipankachoka "chifukwa chiyani". Azakhali ake a mwanayo, amene anali mphunzitsi, ankamubweretsera mabuku awiri Khirisimasi iliyonse: lina la nkhani zachikhristu ndi mapemphero a ana, lina la maulendo oopsa a m'nkhalango ndi panyanja.

Mayiyo ankathokoza ndi mtima wonse, n'kuwaika mabukuwo m'kabati ya magalasi ya pabalaza, pambali pa makapu a alendo. Kiyi anamumangirira pa tepi yoyezera imene sinkachoka m'khosi mwake.

"Alamu, mabuku si makapu," anatero azakhaliwo. "Mupatseni mwana awerenge."

"Ndi manja amenewo? Mwawaona? Ngati a makaniko! Ndikumusungira. Adzawerenga akadzadziwa kusamala zinthu."

"Buku lothimbirira ndi limene lagwira ntchito. Komanso khoma mwatsamiritsapo kabatilo ndi lachinyezi. Muzitsegulako."

"Inu aphunzitsi mumayesa tonse tili m'kalasi mwanu," anayankha mayiyo akuseka. Loweruka lililonse ankapukuta magalasi mpaka kuwala, koma chitseko osachikhudza.

Tsiku lina, Kamafunso ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi ake anaiwala tepi ija pamakina popita kukapereka diresi ya kasitomala. Mwanayo anatsegula kabati, natenga buku lachikuto chobiriwira, nalowa nalo pansi pa tebulo lodulira nsalu. Inali nkhani ya mtsikana wofunafuna bambo ake amene anasochera kumapiri. Pa tsamba 61 mtsikanayo anali pakati pa mlatho wa zingwe, ndipo chingwe chimodzi chinali chitaduka. Mayi ake anamupeza asanatembenuze tsamba, ndipo anaona chidindo cha chala chamafuta a makina m'mphepete mwa pepala.

"Taona! Sindinanene ine?"

"Amayi, tsamba limodzi lokha. Ndingodziwa ngati anawoloka."

"Adzawoloka ukadzakula," anatero mayiyo, nakhoma kabati.

Patapita zaka ziwiri, Kamafunso anadwala matenda a m'magazi. Anagonekedwa m'chipatala miyezi itatu, ndipo kumayambiriro kwa Disembala dokotala anaitanira mayiyo pambali, namuuza kuti masiku atsala ochepa.

"Amayi," anatero mwanayo m'mawa wina, "chaka chino musavutike kundisokera diresi ya Khirisimasi. Mundibweretsere buku lobiriwira lija."

Mayiyo anathamangira kunyumba, natsegula kabati. Atakoka bukulo, m'manja mwake munangotsala chikuto. Dothi linakhuthukira pamakapu a alendo. Chinali chiswe, osati nyerere monga alembera ena pofalitsa nkhaniyi. Chinachokera m'khoma lija, n'kuboola thabwa lakumbuyo, n'kudya mabuku onse khumi ndi awiri, a mapemphero omwe. Chinangosiya misana ya mabukuwo itaima mwadongosolo, yokongola kwa woyang'ana pagalasi.

Anayenda m'masitolo anayi a mabuku atanyamula chikutocho. Wogulitsa womaliza anachitembenuza, napukusa mutu. "Limeneli anasiya kusindikiza kalekale, mayi."

Anaimbira foni azakhali aja. "Alamu, nkhani ija inatha bwanji? Anawoloka?"

"Sindinaliwerenge," anayankha iwo. "Ndinkadikira kuti mwana adzandifotokozere yekha."

Mayiyo anabwerera pa tebulo lake. Anadula mapepala ojambulira masitayilo, nawapinda, nawasokera m'chikuto chija mwaluso lake lonse. Masana anakhala pambali pa bedi la mwanayo, natsegula bukulo molipendeketsa kuti mapepala opanda kanthuwo asaoneke.

"Tsamba 62," anayamba. "Ndipo mtsikanayo anagwira chingwe chotsalacho, napemphera, nayamba kukwawa pang'onopang'ono..."

"Amayi," anamudula mawu Kamafunso, "mtsikanayo dzina lake ndani?"

Mayiyo anayang'ana pepala lopanda kanthulo. Bukulo analipukutira galasi zaka zonsezo, koma dzina limenelo sankalidziwa. Misozi inagwera pa pepala loyera.

Mwanayo anatambasula dzanja, nagwira tepi ya m'khosi mwa mayi ake, pamene kiyi uja anali akadalendewera.

"Musalire. Pitirizani. Yanuyinso ikukoma. Koma muwolotseni msanga, amayi, ndatopa."

Mayiyo anamuwolotsa mtsikanayo, namupezetsa bambo ake kutsidya. Kamafunso anamwalira patatha masiku awiri, Khirisimasi isanafike. Mabuku awiri a chaka chimenecho anali akadali m'chikwama cha azakhali ake, atakulungidwa bwinobwino.

Phunziro: Buku limene mwagulira mwana pa Khirisimasi, kaya ndi la mapemphero kaya ndi la maulendo, mupatseni m'manja tsiku lomwelo. Alidetse, alipinde, agone nalo. Ndipo mukhale naye pansi, mudziwe dzina la mtsikana wa m'nkhaniyo. Tumizani nkhaniyi kwa makolo, agogo ndi azakhali onse amene ali ndi kabati yokhoma, mawu asasinthidwe. Mabuku awiri otsala aja mayiyo anawachotsa m'mapepala okulungira, nakawapereka yekha m'manja mwa ana a m'wodi momwe munagona mwana wake, ndipo kiyi anamusiya pakabati osakhoma, pa 27 Disembala 2018.