Hatchi ya Pasukulu Pathu

"Nayi hatchi yathu," anatero aphunzitsi, akuvundukula bulangete. Pansi pake panali mgolo wachitsulo wogonekedwa pa miyendo inayi yamatabwa, mutu wake chidebe.

Ndinayang'ana anzanga m'kalasimo. Palibe anaseka. Aliyense anali atagwira kale bandeji yake.

"Pepani aphunzitsi, nanga ija ndinaiona pafoni ili kuti? Yofiirira ija, ya banga loyera pamphumi?"

"Chija n'chithunzi chabe, mwanawe. Zamoyo mukazionera kuntchito. Manga bondo lakumanzereli."

Ndinapsa mtima. Ndinavutika kusakasaka sukulu yophunzitsa kusamalira mahatchi ndi kuthandiza dokotala wa ziweto. Nditaipeza, ntchito ya m'sitolo ndinaisiya, ndipo amayi sakundilankhula mpaka lero, ati mwana wamkazi azikanunkha ndowe chifukwa chiyani. Ndiye ndikawauze kuti ndachiritsa mgolo?

Ndinaponya bandeji pansi, n'kuzungulira kuti nditenge chikwama changa ndizipita.

"Iwe!" aphunzitsi anakuwa, maso ali tong'o. "Osadutsa kumbuyo kwa hatchi! Ikumenya theche!"

Ndinaima. Sankachita nthabwala bambo aja ayi, ndipo anzanga anali atafutukira kale kukhoma.

Theche ndinamenya ndine. Mgolo unalira m'chipinda chonse, chidebe chinagubuduka, mwendo wakumbuyo n'kuthyoka kuti thyo!

Ndinatola bandeji ija n'kuwapatsa m'manja.

"Yavulala zenizeni tsopano, aphunzitsi. Tiphunzitseni."