Rimoti ya Madontho Ofiira

Masiku ano ukayenda pachilumba pano kuchokera ku Chipyela mpaka ku Khuyu, madenga ambiri ali ndi madishi a TV. Kale mudzi wonse unkamvera wayilesi imodzi ya batani limodzi, ndipo palibe ankasokera nayo. Nkhaniyi ndi ya masiku ano, ndipo akuti inachitikadi.

Ku Khuyu komweko kunali bambo wina, a Nathaniel, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Joni. Pobwerera anabwera ndi TV yaikulu, masipika oika m'makona a nyumba, ndi makina osunga mavidiyo m'kati mwake. M'makinamo munali vidiyo ya akazi awo, mayi Marian, akutsogolera kwaya m'tchalitchi chachikulu. Vidiyoyo kunalibe kwina kulikonse.

Mayi Marian asanamwalire, anadontheza kyutekisi wofiira, wopaka zikhadabo uja, pa mabatani atatu a rimoti kuti amuna awo asamavutike. "Dinani apa, apa ndi apa. Enawo asiyeni, si anu," anatero akuseka. Atamwalira, a Nathaniel ankadina madontho omwewo tsiku lililonse, mawu a akazi awo n'kudzaza nyumba.

Kenako rimoti ija inayamba kutopa. Batani lapakati linkagwira likafuna. Mwambo wovundukula chiliza cha mayi Marian unali pafupi, ndipo a Nathaniel anali atalonjeza abale onse kuti adzaonera limodzi malemuwo akuimba. Anaimbira foni mwana wawo Dorica, namwino ku Mzuzu.

"Ababa, musagule rimoti pamsika," anatero Dorica. "Jambulani nambala ili kumbuyo kwa makinawo munditumizire. Ndigula yomwe imaphunzira kuchokera ku yakaleyo, ndibwera nayo pa sitima ya panyanja. Ndipo yakaleyo muisunge."

"Nanga sitima ikachedwa? Anthu ndiwaonetsa khoma?"

"Ikachedwa ichedwe. Dikirani."

Koma mtima wawo sunakhazikike. Sabata yomweyo sitima itafika, pamsika wa Chipyela panaima mlendo atayala marimoti pa chitenje. A Nathaniel anangoti aoneko.

"Madala, iyi ndi mfumu ya marimoti," anatero mlendoyo. "TV, masipika, DVD, zonse imalamula. Ingakhale apongozi imawachepetsa mawu."

"Mwana wanga akuti ndiyambe ndaona nambala."

"Nambala zili m'mutu muno. Mwana wanuyo amagulitsa marimoti?"

Anapita naye kunyumba. Mlendoyo anadinadina mwachangu, TV n'kuyaka. Anakweza mawu, masipika n'kuyankha. Makina osunga mavidiyo nawo anayatsa kanyali kake. Sanayese kuonetsa vidiyo iliyonse, akuti sitima imusiya.

"Yakaleyi ndisiyireni, ndikuchotsereni mtengo," anatero. A Nathaniel anayang'ana madontho aja kanthawi, kenako anapereka.

Tsiku la mwambo lisanafike, m'mawa, anati ayese okha. Zala zawo zinapita m'malo momwe zinazolowera: apa, apa ndi apa. Nyimbo sinamveke. Pa TV panabwera funso lachingerezi, lofunsa ngati akufuna kufufuta zonse zili m'makina.

Anaimbira Dorica nthawi yomweyo.

"Mwagula?" anafunsa Dorica.

"Ndagula."

"Musadine chilichonse, ababa. Zulani pakhoma."

"Ndikazula zingapse. Pali batani lobwerera m'mbuyo, ndikuliona bwinobwino."

"Rimoti imeneyo sitikuidziwa. Chonde zulani."

A Nathaniel anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana batani. Chingerezi ankachidziwa, ndipo batanilo linalembedwa momveka. Anadina.

Chomwe sankadziwa n'chakuti mlendo uja analowetsa nambala ya makina a mtundu wina. Mabatani ena ankagwirizana, ena ayi. Lomwe iwo anadina kuti akane, makina analimva ngati avomera. Kamzere kanayamba kuyenda pa TV. Pamene ankathamangira kukhoma kukazula, kanali katafika kale kumapeto.

"Ababa? Mwatani?"

A Nathaniel anabwezera chingwe pakhoma. Anayatsanso, n'kupeza m'makina muli mbee.

Anayenda wapansi mpaka ku Chipyela kufunsa za mlendo uja. Amayi ogulitsa tomato anati anakwera sitima tsiku lomwelo, ndipo palibe ankadziwa dzina lake. Wina anati ndi wa ku Nkhata Bay, wina anati wa kutsidya ku Mozambique.

Dorica anafika nthawi yake, rimoti yoyenera ili m'chikwama. Anayesa njira zonse, anafunsa amisiri a ku Mzuzu pa foni, koma palibe chinabwerera.

Tsiku la mwambo, atabwerako kumanda, abale anadzaza pabalaza kudikira zomwe analonjezedwa. A Nathaniel anaimirira, n'kuulula kuti vidiyo ija inafufutika. Amayi a kwaya atamva zomwe zinachitika, anayamba okha nyimbo ija kuti awatonthoze. Anaimba bwino ndithu. Koma atafika pomwe mayi Marian ankakweza okha mawu, onse anakhala chete, aliyense kudikira mnzake.

Mpaka lero zipangizo zonse zikugwira. Masipika amamveka mpaka kumsewu. A Nathaniel sayatsa. Akuti masiku ena amakhala pakhonde kuyesa kukumbukira mawu a akazi awo, ndipo amafunsa Dorica kuti, "Kodi amayi ako ankayambira pamwamba kapena pansi?"

Phunziro: Posankha rimoti yogwira zipangizo zambiri, yambani mwaona nambala ya makina anu, ndipo muyese batani lililonse wogulitsa asanachoke. Kuyaka kwa TV sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Yakale musaitaye. Chinthu chomwe simungachipezenso musachisunge malo amodzi, ndipo mwana wanu akati dikirani, dikirani. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ali ndi makolo okhala okha. Ndipo amene ali ndi cholembera ailembe papepala, chifukwa za m'mafonizi nazo zimafufutika.