Mkanda M'chitini cha Mchere

Lamulo limati aliyense wogwira ntchito kufakitale yowomba mbewu ndi cheza choopsa, chotha kupha munthu, azivala mkanda wa ufa wonyezimira. Cheza chikachuluka m'thupi, mkandawo umafiira, ntchito n'kuthera pomwepo.

Nachisale anapeza mkanda wa mwamuna wake, Lufeyo, m'chitini cha mchere, uli mbee ngati watsopano. Kani miyezi yonseyi bamboyu ankavala wapulasitiki wogula kumsika!

Nachisale sanakalipe ayi. Anangousokerera mkanda weniweniwo mwakachetechete mumpendero wa ovolosi ya mwamunayo.

Patatha milungu itatu, Lufeyo anabwerera masana dzuwa lili pamutu, mpendero uli psuu.

"Amake Tiyanjane, mwandichotsetsa ntchito! Tidya chiyani pakhomo pano?"

Nachisale sanasiye n'kupeta komwe.

"Tidya bonongwe, bambo. Koma zakuda ine sindivala."