Chigubu cha Petulo pa Rivirivi

Mthuthuthu unatsokomola kawiri n'kuzima atangowoloka mlatho wa Rivirivi. Uladi sanade nkhawa. Chaka chimenecho, 1979, petulo ankasowa paliponse, koma iye sankanyamuka pakhomo wopanda chigubu chapadera. Anachimasula kumbuyo kwa kangolo ka pambali pa mthuthuthuwo, momwe munagona mayi ake, Abiti Sufiyani. Njoka ya mamba inali itawaluma m'munda wa thonje m'mawa womwewo, ndipo zikope zinali zitayamba kuwalemera.

Anakhuthulira chigubu chonse m'thanki n'kuponda kiki. Injini inalira. Anayenda pang'ono, mpaka pa mlambe wa m'mbali mwa msewu, n'kuzimanso. Anaponda kakhumi, thukuta lili yoyoyo. Zii.

Anasolola kapaipi ka pansi pa thanki n'kutchera dzanja. Zomwe zinadontha anazinunkhiza, kenako anazilawa.

"Madzi!" anakuwa. "Madzi enieni!"

Mkazi wake Zaina, yemwe anakwera kumbuyo, anatsika n'kukatchingira apongozi ake dzuwa ndi chitenje.

Uladi sanavutike kufufuza wolakwa. Dzulo lake mthuthuthuwo anaubwereka Hassani, mnansi wake, kupita ku maliro ku Nsanama. Chigubu cha paulendo Uladi anachidzaza yekha petulo weniweni. Hassani anabweza zonse madzulo, akumwetulira, akuthokoza ndi manja awiri.

"Galu ameneyu!" anatero Uladi, akumenya chigubu theche mpaka chinakagwera mu udzu. "Munthu woswali naye mzere umodzi ku mzikiti! Wapopa petulo wanga n'kundithirira madzi! Ndikamunenera kwa apampando a chipani. Ndikati alibe khadi, ndikati amanyoza boma. Ayufi, anyamata a chipani aja, akamutenge, akasowe kumene anzake amasowera!"

"Bambo a Salima, tsitsani mawu," anatero Zaina, akucheukacheuka.

"Nditsitse mawu? Mayi anga akufa, nditsitse mawu?"

Anathamangira pakati pa msewu. Kumtunda kunalibe galimoto, kumunsi kunalibe galimoto, ngakhale ngolo ya ng'ombe. Chipatala cha ku Balaka chinali kutali koti wodwala sakanafika pamsana. Anabwerera, anayesa kukhetsa madziwo m'thanki kuti mwina pamwamba patsale petulo wokwanira. Sipanala inkangomupulumuka. Dontho lililonse logwa pansi ankalitchula dzina la Hassani.

"Uladi, mwanangu..." anaitana Abiti Sufiyani. Lilime linali litalemera, malovu akutsikira pachibwano.

"Pirirani, amayi. Tinyamuka pompano."

Sananyamuke. Mthunzi wa mlambe usanafike pamsewu, chifuwa cha mayiwo chinaleka kukwera. Zaina anawatseka maso, anawafunda chitenje, n'kunong'ona mawu a Chiarabu omwe amanenedwa munthu akatisiya.

Uladi sanalire. Anatola sipanala yaikulu n'kuyang'ana njira yobwerera kumudzi.

"Zachipani zija basi," anatero ndi mawu otsika. "Ndikamupha ndekha. Maliro akhala awiri."

Zaina anamugwira malaya. "Iyayi, bambo a Salima. Musakachite zimenezo. Che Hassani chigubu ichi sanachikhudze n'komwe."

"Ukumuikira kumbuyo? Pamaso pa mtembo wa mayi anga?"

"Chimene anabweza chija chili kunyumba, n'chodzaza. Chinkadontha pachitsekero, ndiye ndinaopa kuti fungo liwatsamwitsa amayi. Inu muli kowanyamula kumunda, ndinachitsitsa n'kumangirirapo china."

"China chiti?"

"Chimodzi mwa zija za kuseri kwa chitseko. Zija mumagulitsa kwa anthu apaulendo."

Sipanala inagwa m'fumbi. Madzi a m'zigubu zimenezo Uladi ankatunga yekha pachitsime n'kusakaniza ndi petulo wogulitsayo, Zaina akapita kumunda.