Chala cha Woluka Tsitsi

Dokotala anakweza chithunzi cha mafupa pazenera, makaniko n'kuweramitsa mutu.

Mlandu wake ankaudziwa. Masana pochokera kugalaja anapeza mkazi wake ali khuma pakhonde, chala chamkombaphala chitaguluka pamfundo, chitakhotera kumbali ngati mbedza. "Ndaterereka m'bafa," anatero mayiyo. Bamboyo, poti pa unyamata wake anagwirako pagolo, anadziyesa katswiri wa mafupa. Anakoka. Anakokanso. Mayiyo analuma kolala ya bulauzi, misozi ili mbwe, chala osabwerera.

Tsopano chinali chitatupa, chitada bii. Chala chomwecho ndicho chimagawa tsitsi la makasitomala, ndicho chimadyetsa ana kugalaja kukauma. Chisoni ndi manyazi zinamudya bamboyo moti anadzisandutsa wonyamula katundu: chikwama cha mayiyo paphewa, juzi ya mayiyo pamkono, foni ya mayiyo m'thumba la ovolosi momwe inakhala kuyambira m'mawa.

"Adokotala, wopalamula ndine," anatero makaniko. "Ndinachikoka. Ndimati chibwerera ngati mmene zimachitira kumpira."

"Apa kukoka sikuthandiza, ngakhale nditakoka ineyo," anayankha dokotala. "Mutu wa fupa waboola mtsempha n'kukodwamo ngati batani m'bowo lake. Tichita opaleshoni yaing'ono, titsegule, timasule. Akamadzachilimbitsa bwino, adzalukanso."

"Ndiye kuti sindine ndawononga?"

"Inu mwangowamvetsa ululu. Chinakodwa nthawi yomwe chinaguluka."

Makaniko anapumira m'mwamba, mtima n'kukhala pansi. Anayamba kale kuganiza zogula kamphasa ka labala koyala m'bafa, ndiponso zoti pobwerera amuseke mkazi wake, munthu wamkulu wogwetsedwa ndi sopo.

Dokotala anayang'ananso chithunzi chija, kenako anayang'ana mayiyo.

"Komatu kugwa sikuchitachita zoterezi, mayi. Chala ichi chinachita kupotokoledwa. Ndimaziona munthu akagwiritsitsa chinthu, wina n'kumulanda mwamphamvu."

M'thumba la ovolosi foni inayamba kunjenjemera. Inali ija makaniko anaitsomphola m'manja mwa mkazi wake m'mawa, pofuna kuona amene ankamuseketsa, n'kutuluka osacheuka.

"Ndinagwa m'bafa, adokotala," anatero mayiyo, maso ali kukhoma.