Ketulo ya ku Japan

Mervin anapeza ketulo yake yamkuwa ya ku Japan ikunyezimira pa sinki. Kubiriwira kwake kwa zaka mazana awiri, komwe anakuyendera mpaka kumzinda wa Indianapolis, kunali kutapita ndi madzi.

Apongozi ake, ongofika kumene kuchokera ku Zomba, anali atagwirabe kawaya kokwechera mapoto. Zala zawo zinali zitasupuka.

"Bambo a Shalom, litsiro lonse lija kulisunga m'kabati yagalasi pabalaza? Alendo aziti mwana wanga ndi wauve."

Mervin anayang'ana mkazi wake Chrissie. Chrissie anayang'ana kudenga.

"Mwagwira ntchito, amayi," anatero Mervin.

"Atsala maketulo atatu aja m'kabatimo. Ndiwakwecha mawa."

Mervin anapisa m'thumba, kusakasaka kiyi wa kabati.