Hotela Imene Inadya Zala

"Mzinda uno ndinaumanga ndine!" anatero mwini malole khumi, akukokera mkazi wake pakhomo la hotela. Panali patapita zaka makumi awiri chichokereni m'dziko la eni ili, koma ankaulotabe mzindawu.

Mlonda atamva kalankhulidwe kachilendo anawatchingira. "Ofuna ntchito amadzera kuseri, madala."

Mkuluyo magazi anawira. Suti yonseyi, pamaso pa mkazi wake! Anatambasula dzanja lake la zala zitatu.

"Iwe mwana, ziwiri zinazo zinadukira pakhoma ukuyedzamiralo. Unali utabadwa?"

"Bambo a ana, tiyeni tizipita."

Koma mkuluyo anawerama, nazula njerwa ziwiri zotchingira maluwa, n'kuzipanira m'khwapa.

"Ukawauze mabwana ako kuti lero andilipira. Chala chimodzi, njerwa imodzi."